Kamwala kamene anangofuna kuyeserapo makina

Mufoni mwanga muli chithunzi chimodzi chimene ndimalephera kuchifufuta, ngakhale foniyo imandidandaulira tsiku ndi tsiku kuti malo atha. N'chotuwa chokhachokha, mulibe munthu, mulibe mtengo. Pakati pali chimwala chokhala ndi mzera wotukuka m'chiuno mwake, ndipo m'mphepete mwa chimwalacho mukusuzumira kamwala kena, ngati mwana wamanyazi amene wabisala kumbuyo kwa mayi ake poona alendo. Kumbuyo kwake kuli mdima bii. Chithunzicho chinajambulidwa pa 1 Novembala 2023 ndi chombo cha m'mlengalenga cha NASA, bungwe la ku America, chotchedwa Lucy, ndipo chimwalacho dzina lake ndi Dinkinesh.

Ndikuti chimwala chifukwa cha mmene chikuonekera pachithunzipo. Kunena zoona ndi kamwala. M'mimba mwake ndi mamita 700 ndi mphindu pang'ono, mtunda umene munthu woyenda mosathamanga amaumaliza m'mphindi khumi. Pakati pa pulaneti ya Mars ndi ya Jupiter pali miyala yotere miyandamiyanda ikuzungulira Dzuwa, imene akatswiri a zakuthambo amaitcha ma asteroid, ndipo dera lonselo amalitcha lamba wamkulu. Dinkinesh analibe chilichonse chomusiyanitsa ndi anzake. Kwa zaka zoposa 20 analibe ngakhale dzina.

Anapezeka usiku wa pa 4 Novembala 1999 kufupi ndi tauni ya Socorro, m'chigawo cha New Mexico ku America. Ndikamva mawu oti "anapezeka" maganizo anga amathamangira kwa munthu amene waika diso pa telesikopu usiku wozizira, kenako n'kudzidzimuka. Zinalidi choncho kalekale. Pa 1 Januwale 1801, Giuseppe Piazzi ali ku Palermo anaona kanyenyezi kamene sikanali pa mapu ake, ndipo atakatsatira masiku otsatira anapeza kuti kakusuntha. Kameneko kanali Ceres, chinthu chachikulu kuposa zonse mu lambayu, cha makilomita pafupifupi 940 m'mimba mwake. Koma pofika 1999 ntchitoyi inali itasanduka ya makina. Pulojekiti ya LINEAR, yoyendetsedwa ndi Lincoln Laboratory ya yunivesite ya MIT, inkajambula kachigawo kamodzi ka thambo kangapo usiku umodzi, kompyuta n'kumafananiza zithunzizo. Nyenyezi zimakhala pomwepo pa chithunzi chilichonse. Kadontho kamene kasuntha ndiye kamene kompyuta imakalemba. Ndiponso LINEAR sinkasaka miyala ya mu lamba wamkulu ayi. Inkasaka imene imadutsa kufupi ndi dziko lathu, imene tsiku lina ingatigunde. Dinkinesh anangokodwa nawo muukonde wotchera ena.

Chizindikiro chimene anam'patsa chinali 1999 VD57. Poyamba ndinkaganiza kuti zilembo zoterezi amangozitola mwachisawawa, koma nditaphunzira kuziwerenga zinandipatsa chithunzi cha kuchuluka kwa miyalayi kuposa mmene nambala ina iliyonse inandipatsira. Chaka amachigawa m'zigawo za theka la mwezi, chilichonse ndi chilembo chake, ndipo V akuimira masiku 15 oyamba a Novembala. Chilembo chachiwiri chimasonyeza malo pamzere: A woyamba, B wachiwiri, mpaka Z, kudumpha I, zonse pamodzi 25. Zikatha amayambiranso pa A n'kuika kanambala kosonyeza kuti azungulira kangati. Ndiye D57 akutanthauza kuti anali atazungulira ka 57, kenako n'kufika pa chilembo chachinayi. Chulukitsani 57 ndi 25, onjezani 4, mupeza 1,429. Kamwala kathuka kanali ka nambala 1,429 pamzere wa masabata awiri okha. Ndani akanakhala ndi nthawi yokaganizira?

Zimene zinatsatira ndi ntchito yosasangalatsa kuifotokoza koma ndi imene ndimaisirira kwambiri. Kadontho kakaoneka usiku umodzi sikuti kapezeka. Kayenera kuonedwanso mawa lake, sabata yamawa, chaka china Dziko likadutsanso pakati pa iko ndi Dzuwa. Muyeso uliwonse umatumizidwa ku Minor Planet Center ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, komwe amawerengera njira imene kamwalako kakuyendamo. Njirayo ikadziwika bwino moti sikangasowenso, m'pamene amakapatsa nambala yokhazikika. Dinkinesh analandira yake mu 2007: 152830.

Njira yakeyo tiiyese ndi mtunda wochokera pa Dzuwa kufika pa Dziko, womwe ndi makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Dinkinesh amakhala kutali ndi Dzuwa kuwirikiza mtunda umenewu ka 2.19. Sazungulira mofanana bwinobwino ngati mkombero wa gudumu. Njirayo ndi yophwatalala pang'ono, moti akayandikira amafika pa 1.94, akatalikira pa 2.44. Ndi yopendekeka madigiri awiri okha poyerekeza ndi njira ya Dziko. Ulendo umodzi wozungulira Dzuwa umamutengera zaka zathu zitatu ndi miyezi pafupifupi itatu, akuthamanga makilomita 20 pa sekondi iliyonse. Izi zikumuika m'mphepete mwa lamba, mbali ya mkati yoyandikana ndi Mars, kumene kuwala kwa Dzuwa kumafika kutachepa kasanu poyerekeza ndi kuno.

Mawu oti lamba amanamiza. Amakupatsa chithunzi cha miyala yothithikana, chombo chikuzemba uku ndi uku kuti chisagundidwe. Zoona zake n'zakuti mutaima pa Dinkinesh n'kuyang'ana mbali zonse, kupatula kamwala kamanyazi kaja ka pachithunzi, simungaone mwala wina wa mu lambayu ngati mwala, mungaone nyenyezi basi. Miyala yonse ya mu lamba itasonkhanitsidwa pamodzi, kulemera kwake sikungafike ngakhale pa magawo asanu mwa magawo 100 a kulemera kwa Mwezi wathu. Ndi zotsala za nthawi imene mapulaneti ankapangika, zaka 4.6 biliyoni zapitazo. Mphamvu yokoka ya Jupiter inazisokoneza moti m'malo mogwirana n'kukula, zinkagundana mwaliwiro n'kumaswekana. Miyala ing'onoing'ono ngati Dinkinesh ndi zibenthu za ikuluikulu imene inasweka.

Apa m'pamene pali chinthu chimene chimandizunguza mutu. Pofika 2007 anthu ankatha kunena kumene kamwalaka kadzakhale pa tsiku lakutilakuti, zaka zambiri m'tsogolo, osaphonya kwenikweni. Koma mukanawafunsa kuti kamaoneka bwanji, n'kakakulu bwanji, akanangoyerekeza. Njira yake ankaidziwa ngati chikhatho chawo, thupi lake ayi. Chifukwa chake n'chakuti ngakhale pa telesikopu yaikulu, kanthu ka mamita 700 kamene kali pamtunda wa makilomita mamiliyoni mazana kamangooneka kadontho kamodzi ka kuwala. Ndipo kuwalako sikunena zonse. Mwala waukulu wakuda ngati khala ndi mwala waung'ono wotuwa akhoza kuwala mofanana ndendende. Kuti awasiyanitse amayeza kutentha kumene mwalawo ukutulutsa, kapena kugawa kuwala kwake m'mitundu kuti aone kuti unapangidwa ndi chiyani. Dinkinesh anam'peza kuti ali m'gulu la S, miyala yeniyeni yowalirapo, yosiyana ndi ija yakuda yodzaza kaboni imene yachuluka mbali ya kunja kwa lamba.

Palinso njira ina yofunsira kadontho mafunso, ndipo iyi imafuna mtima wodekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwala umene si wobulungira bwino ukamazungulira, nthawi ina umakuonetsa mbali yotambalala, nthawi ina yopyapyala, choncho kuwala kwake kumakwera n'kumatsika. Ukayeza usiku ndi usiku n'kulemba pa galafu, umapeza kuti kukwera ndi kutsikako kukubwerezabwereza pakapita nthawi yakutiyakuti, ndipo nthawi imeneyo ndiye tsiku la mwalawo. Akatswiri atachita zimenezi ndi Dinkinesh chombo chisanafike, anapeza maola 52.67. Anati ndi mwala waulesi, wozungulira pang'onopang'ono, tsiku lake limodzi loposa masiku athu awiri. Nambala imeneyi muisunge.

Nanga chombo chinapitirako chiyani? Lucy ananyamuka pa 16 Okutobala 2021, ndipo ulendo wake si wa ku lamba wamkulu. Akupita kukaona miyala yotchedwa Trojan, imene imayenda m'njira ya Jupiter, gulu lina kutsogolo kwake, lina kumbuyo. Lamba wamkulu ndi pongodutsa. Chombocho chili kale m'njira, katswiri wina wa ku Nice Observatory ku France, Raphael Marschall, anafufuza m'kaundula wa miyala pafupifupi 500,000 ya njira zodziwika bwino kuti aone ngati pali wina umene Lucy adzadutse pafupi nawo. Anapeza 1999 VD57, pamtunda wa makilomita 64,000. M'mlengalenga umenewo ndi mtunda wa pakhomo. Kungokhotetsa chombo pang'ono kunali kokwanira, ndipo mu Januwale 2023 gulu loyendetsa Lucy linavomera.

Sanavomere chifukwa chochita chidwi ndi kamwalako. Ankafuna poyeserera. Vuto la zombo zodutsa pafupi ndi miyala n'lakuti malo enieni a mwala sadziwika mpaka pa mita, ndipo chombo chili kutali moti uthenga wa wailesi umatenga mphindi zambiri kuti ufike. Palibe munthu pano padziko amene angachiuze kuti tembenuka kuno pa nthawi yake. Zombo zakale zinkangojambula dera lonse limene mwala ungakhalemo, zithunzi zambiri n'kutuluka za mdima wokhawokha. Lucy ali ndi makina oti azipeza yekha mwalawo ndi makamera ake n'kumautsatira pamene akudutsa. Makinawo anali asanayesedwe pa mwala weniweni, ndipo kunali kwanzeru kuwayesa pa kamwala kopanda ntchito kusiyana n'kukazindikira vuto atafika kale kwa ma Trojan.

Mlendo akamabwera m'pamene anakumbukira kuti kamwalaka kalibe dzina. Chombo cha Lucy chinatchulidwa potengera mafupa akale a cholengedwa chofanana ndi munthu, a zaka 3.2 miliyoni, amene Donald Johanson ndi anzake anawapeza ku Hadar m'dziko la Ethiopia mu 1974. Azungu anawatcha Lucy, koma eni dziko amawatcha Dinkinesh, mawu a Chiamhariki otanthauza kuti "ndiwe wodabwitsa". Mu Febuluwale 2023 dzinalo linaperekedwa kwa 1999 VD57. Ine dzinali limandikoma, ngakhale pena ndimaseka ndikaganiza kuti analitcha lodabwitsa asanalione n'komwe, pa nthawi imene aliyense ankayembekezera mwala wamba. Mwina ndi mwayi chabe kuti dzina linagwirizana ndi mwini wake.

Pa 1 Novembala 2023, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 480 miliyoni kuchokera kuno, Lucy anadutsa Dinkinesh pa liwiro la makilomita 4.5 pa sekondi, n'kuyandikira mpaka makilomita pafupifupi 430. Makina otsatira mwala aja anagwira bwino ntchito, ndipo nkhaniyo ikanathera pomwepo. Koma zithunzi zitayamba kufika, kumbuyo kwa Dinkinesh kunatulukira kamwala kachiwiri kaja. Anali ndi mwezi wake. Izi zokha sizinali zachilendo kwambiri, chifukwa chombo cha Galileo chinajambula kale mwala wa Ida mu 1993 ndipo pa zithunzizo panapezeka kamwezi kake, Dactyl. Ndiponso masabata angapo Lucy asanafike, mmene kuwala kunkasinthira kunali kutayamba kale kukayikitsa gululo.

Chimene chinawasiya kukamwa kuli yasa chinabwera patapita masiku ochepa. Chithunzi china, chojambulidwa mphindi zisanu ndi imodzi chombo chitadutsa, chikuyang'ana m'mbuyo kuchokera mbali ina pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,600, chinasonyeza kuti kamweziko si kamodzi. Ndi timiyala tiwiri togundanitsa mitu, ngati nambala 8 yogona, kena ka mamita 210, kena ka mamita 230. Pa chithunzi choyamba chija kena kanabisala kumbuyo kwa kanzake. Miyala iwiri yomatirirana motere inali itaonekapo kale payokha, koma aka kanali koyamba kuiona ikuzungulira mwala wina ngati mwezi. Anakatcha Selam, kutanthauza "mtendere", potengera mafupa a mwana wamng'ono wa mtundu womwewo wa Lucy amene Zeresenay Alemseged anawapeza ku Dikika, ku Ethiopia komweko, mu 2000.

Tsopano bwererani ku maola 52.67 aja. Selam amazungulira Dinkinesh ali pamtunda wa makilomita atatu okha, ndipo ulendo umodzi umamutengera maola 52.67. Amamuonetsa nkhope imodzi nthawi zonse, monga umachitira Mwezi wathu. Kukwera ndi kutsika kwa kuwala kumene akatswiri anayeza ali pansi pano kunali koona, muyeso wawo unali wolondola mpaka pa timanambala ta kumapeto. Koma sikanali kuzungulira kwa Dinkinesh. Kanali kamwezi kakatali kaja, kakuonetsa mbali yake yaitali kenako yaifupi. Dinkinesh mwini wake si waulesi m'pang'ono pomwe: amazungulira kamodzi pa maola 3.7 okha. Kungoti ndi wobulungira ndithu moti akamazungulira kuwala kwake sikusintha kwambiri, choncho mawu ake anamira m'mawu a mwana wake. Pa nkhani yonseyi apa ndi pamene ndimabwererapo kawirikawiri. Anthu aja sanalakwitse kuyeza. Analakwitsa kuti zimene ayezazo n'za ndani, ndipo sindikuona mmene akanadziwira kadontho kali kamodzi.

Kuti mumvetse mmene kamwalaka kanapezera mwezi, muyenera kuyamba mwamva kufooka kwa mphamvu yake yokoka. Ndinakhala pansi tsiku lina n'kuwerengera ndekha, pogwiritsa ntchito kukula kwake ndi kulemera kumene akatswiri anapeza poona mmene Selam amazungulirira. Mphamvuyo ndi yochepa pafupifupi ka 40,000 poyerekeza ndi ya pa Dziko. Mutaima pamenepo n'kusiya kiyi kuchokera m'chiuno, ingatenge pafupifupi mphindi imodzi ndi theka kuti ifike pansi. Mungaiyang'ane ikutsika, n'kuyang'ana kumbali, n'kubwerera, ikadali m'malere. Mutayesa kuyenda mmene mumayendera masiku onse, phazi loyamba lomwelo lingakunyamuleni osabwereranso, chifukwa liwiro la theka la mita pa sekondi n'lokwanira kuthawa. Miyala ya msinkhu umenewu nthawi zambiri si thanthwe limodzi lolimba. Ndi mulu wa zibenthu, miyala ndi fumbi zimene zangogundizana, zogwirana mofooka.

Ndiye pabwere Dzuwa. Kuwala kukagwera pamwala, mwalawo umatentha n'kubweza kutenthako, ndipo kubwezako kumaukankha pang'ono kwambiri, pang'ono moti palibe sikelo imene mungayezere. Mwala ukanakhala wobulungira bwinobwino kukankhako kukanafafanizana. Koma pokhala wa makona ndi mabampu, mbali ina imakankhidwa kuposa inzake, ndipo mwalawo umayamba kuzungulira mofulumirirapo, kapena kuchedwerapo. Asayansi amatcha zimenezi YORP, kuchokera ku zilembo zoyamba za maina a anthu anayi: Yarkovsky, O'Keefe, Radzievskii ndi Paddack. Pa chaka chimodzi palibe chimene mungaone. Pa zaka mamiliyoni, mulu wa miyala uja umafika pozungulira ngati nguli, moti zimene zili m'chiuno mwake zimayamba kupepuka n'kufuna kuuluka. N'chifukwa chake miyala yoposa mamita mazana angapo sipezeka kawirikawiri ikuzungulira mofulumira kuposa kamodzi pa maola 2.2. Ikapitirira pamenepo imamwazika.

Zipsera za zimenezi zikuoneka pathupi la Dinkinesh. Pali mzera wotukuka uja wozungulira m'chiuno, ndipo pali chigwa chachitali chodutsa pathupi pake, pomwe zikuoneka kuti chigawo chachikulu chinagumuka n'kusuntha nthawi imodzi. Gulu la Lucy, lotsogoleredwa ndi Hal Levison wa ku Southwest Research Institute, linafotokoza mu 2024 kuti mwina zinayenda motere: Dzuwa linafulumizitsa kuzungulirako mpaka mwalawo unang'ambika, zibenthu zinatayika m'mlengalenga, zina zinagweranso m'chiuno n'kupanga mzera uja, zina zinaunjikana n'kukhala Selam. Chigwacho chikunenanso kanthu kena. Mulu wa mchenga sung'ambika, umangoyoyoka pang'onopang'ono. Kuti Dinkinesh athyoke chonchi ndiye kuti mkati mwake muli kulimba kwina, anapirira kwa nthawi kenako n'kugonja kamodzi.

Ndikamawerenga zimenezi ndimaima pa mfundo yakuti palibe chinagunda. Tinazolowera kuti m'mlengalenga zinthu zimasintha ndi ngozi, kuphulika, kuwombana. Apa ntchito yonse inagwiridwa ndi kuwala kofooka, kochepa kasanu poyerekeza ndi kumene kumatiwomba ife masana, kukankha mbali imodzi osaleka.

Selam ndiye akadali mutu wopweteka. Zibenthu zounjikana zikanayenera kupanga chibulumwa chimodzi. Kuti pakhale tiwiri tofanana msinkhu, tokhudzana koma tosaphwanyana, ndiye kuti timiyezi tiwiri tinapangika patokha kenako n'kuyandikirana mofatsa kwambiri, pa liwiro lochepa kuposa la kamwana kokwawa, mpaka kugundana n'kukhala pomwepo. Akatswiri akuyesabe pa makompyuta kuti aone njira imene ingabweretse zotere. Zithunzi zimene ali nazo ndi zomwe zija za mphindi zochepa za pa 1 Novembala, ndipo sipadzabwera zina posachedwa, chifukwa Lucy sanaime. Sakanatha n'komwe kuima. Pa 20 Epulo 2025 anadutsa mwala wina wa mu lamba womwewu, Donaldjohanson, wotalika makilomita pafupifupi asanu ndi atatu, ndipo mu Ogasiti 2027 akuyembekezeka kufika kwa Trojan woyamba, Eurybates, kumene makina anayesedwa pa Dinkinesh aja akagwire ntchito imene anawapangira.

Kumayambiriro kwa chaka chomwecho cha 2027, Dinkinesh adzakhala atamaliza ulendo umodzi wozungulira Dzuwa chidutsireni Lucy, n'kufikanso pamalo pomwe anakumana paja. Selam adzakhala atamuzungulira maulendo oposa 500. Pa telesikopu za pansi pano onse adzaoneka monga ankaonekera mu 1999, kadontho kamodzi kosuntha pakati pa nyenyezi, kuwala kwake kukukwera ndi kutsika pa maola 52.67.